Mtambo wa Mamita Awiri

Kwa masabata atatu, makina a leza oyezera mitambo a padenga la ofesi ya zanyengo ankanena kuti pali mtambo pa mamita awiri okha kuchokera padengapo. Lolemba m'mawa, katswiri woyang'anira makinawo, yemwe ankakhala ndi banja lake m'zipinda za pansi pa ofesiyo, anakwera kukadzionera yekha, ndipo anapeza apongozi ake, omwe anabwera kudzathandiza kulera khanda, akuyanika matewera pamwamba penipeni pa galasi la makinawo.

"Amayi," anatero mkamwiniyo, manja ali kumbuyo, "kodi mwaonako mtambo pano?"

Apongoziwo anachotsa pegi pakamwa n'kuyang'ana kumwamba. "Mtambo uti? Kwayera mbee uku."

"Osati kumwambako. Pompano. Woyera, wonyowa. Umafika 8 koloko, masana n'kuchoka."

"Bambo a mwana, mwadya m'mawa uno?"

"Ndadya. Buledi ndi tiyi, makapu awiri."

"Ndiye ndi tulo timeneti."

Mkamwini anatulutsa tepi yoyezera m'thumba, nagwada pafupi ndi galasi, nayamba kuikoka chokwera. Tepiyo inakwera, inakwera, mpaka inakagunda thewera lomwe linali kudontha madzi. Anawerenga nambala. Anawerenganso.

"Mamita awiri ndendende," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye makina anu ndi abwino. Tandipatsirani beseni ilo."

Anawapatsira ndi manja awiri. "Amayi, mundilole ndifotokoze. Makinawa amaponya kuwala kumwamba. Kukagunda mtambo kumabwerera, ndiye ife timadziwa pamene mtambowo uli, kumene mphepo ikulowera, ndi chinyezi chomwe chili mumpweya."

"Mumaigenda mitambo?"

"Sitiigenda. Timaiunika."

"Masana? Ndi dzuwa lonseli?"

"Kuwala kwake n'kowonda, sikuoneka ndi maso."

"Nyale yosaoneka! Munagula mukudziwa?"

"Anagula ndi a ku likulu."

"Anawapusitsa, amalonda a masiku ano." Anakung'untha thewera lina, madzi n'kuwazikira pa magalasi a m'maso a mkamwini.

Iye anawavula, nawapukuta ndi tayi. "Chonde amayi, chingwechi chikanasuntha pang'ono."

"Chisunthire kuti? Uku kuli mthunzi wa thanki. Uko nkhunda zimachita zawo. Pamene mphepo imadutsa bwino ndi pompano."

"Zoona. N'chifukwa chake tinaikapo makina."

"Eya, ndiye tagwirizana."

"Sitinagwirizane, amayi."

"Mwangoti zoona pakamwa panu."

"Ndinati zoona pa za mphepo."

"Ine ndimanenanso za mphepo."

"Ndatumiza malipoti khumi ndi asanu ku likulu onena kuti kuno kuli nkhungu. Ndege yopopera mankhwala m'minda yakhala pansi masiku anayi chifukwa cha ine. Woyendetsa wake sandiyankhanso moni."

"Mu malipotimo munalemba kuti chiyani?"

"Kuti pali chinthu choyera, chonyowa, chogwedezeka ndi mphepo ya kum'mawa."

Apongozi analoza chingwe ndi chibwano. "Nanga si ichi? Mwanama pati?"

"Lachinayi ndinalemba kuti mtambo wakula katatu."

"Lachinayi ndi tsiku la mabulangete."

"Lachisanu unali ndi mabowo awiri."

"Buluku lanu limenelo. Ndakuuzani kangati kuti mugule lina?"

Mkamwini anakhala pa chitini cha penti chomwe chinali pamenepo. "Lamlungu lililonse umasowa."

"Lamlungu sindichapa."

"Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi ofotokoza chifukwa chake subwera Lamlungu."

"Munati chiyani?"

"Kuti mwina n'chifukwa choti fakitale ya tsidya ilo imakhala yotseka."

"Aa! Bwanji osandifunsa? Timadyera patebulo limodzi."

"Simunanenepo kuti muli ndi mtambo."

"Inunso simunanenepo kuti mukuusaka."

Thewera linadontha pagalasi, dontho limodzi, lachiwiri. Mkati mwa makina munalira kabelu.

"N'chiyaninso chimenecho?"

"Akuti mvula yayamba."

"Auzeni kuti ndi ine."

"Alibe makutu."

"Nanga maso ali nawo?"

"Limodzi. Musaliyang'ane, ndi loopsa."

"Ndaliyang'ana tsiku ndi tsiku, ndi lomwe limaphethira poyamba." Anapana pegi ina. "Tamverani. Uzani kuwala kwanuko kuzilambalala matewerawa. Kudutse chakumbali, kukakwerere uko."

"Kuwala sikukhota, amayi. Kumangoyenda chowongoka."

"Ngati eni ake."

"Eni ake ndi a ku likulu."

"Mm." Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira matewera awiri uku ndi uku. "Nawu mpata. Kudutse apa. Si mwati n'kowonda?"

Mkamwini anaimirira msanga ndi tepi yake. "Masentimita anayi. Kukhoza kukwana!"

Mphepo inawomba, matewera aja n'kukumananso.

"Watsekeka."

"Si inu a mphepo? Iuzeni isiye."

"Timaiyeza chabe. Sitiilamula."

"Mitambo simuilamula, mphepo simuilamula, nyale yanu yomwe siikumverani. Nanga tsiku lonse mumatani mu ofesimo?"

"Timalemba."

Foni inalira m'thumba la malaya. Mkamwini ataona dzina, anaima njo ngati msilikali.

"Inde, bwana. Mtambo uja ndaupeza, bwana. Ndili nawo pompano. Ee, ndaugwira ndi dzanja." Anatsina thewera ndi zala ziwiri. "Ndi wa thonje, bwana. Ayi, sindinamwe chilichonse, tiyi basi, makapu awiri. Ukununkhira sopo. Eni ake? Alipo, aima pambali pangapa."

"Apatseni moni," anatero apongozi.

"Eni mtambo akupereka moni, bwana. Halo? Inde. Inde. Ndamva, bwana."

Anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono.

"Ayankha moniwo?"

"Ayi. Akuti ikamakwana 10 koloko makinawa akhale akuona kumwamba kwenikweni. Apo ayi atumiza galimoto kudzatenga makina, ndi makiyi a nyumba omwe."

Pegi inagwa m'manja mwa apongozi. "Makiyi a nyumba? Mwana wanga ndi mdzukulu wanga akagona kuti?"

"Sananene. Ndiwaimbire ndifunse?"

"Musaimbe!" Anagwira m'chiuno, nayang'ana makina aja kuyambira pansi mpaka pamwamba. "Ndi makina omwe atenge?"

"Ndi makina omwe."

"Nanga ine ndizidziwa bwanji kuti matewera auma?"

Mkamwini anaphethira. "Mwati bwanji, amayi?"

"Kanambala aka." Anagogoda ndi chala pa kagalasi kakang'ono ka m'mbali mwa makinawo. "Ndikangoyanika kamati 95. Kenako kamatsika, kamatsika. Kakafika pa 40 ndimaanula, amakhala atauma gwa."

"Chimenecho ndi chinyezi cha mumlengalenga."

"Ndi chinyezi cha matewera."

"Ndiye kuti mumayanika dala pamenepa?"

"Nanga ndiyanike pomwe palibe nambala? Tsiku loyamba ndinayanika kuthanki uko, ndinkachita kufinya ndi manja ngati munthu wosaphunzira. Nditaona kuti chinthuchi chimagwira ntchito, ndinasuntha chingwe."

"Munati ndi cha amalonda onyenga."

"Pa za mitambo, inde. Pa za matewera sichinandinamizepo." Anatsitsa mawu. "Tsiku limodzi lokha ndinachita changu, ndinaanula chili pa 55. Mukukumbukira zomwe zinachitika?"

Nkhope ya mkamwini inasintha. "Tizilonda tija?"

"Timeneto. Matako onse psuu, mwana kulira masiku awiri osapuma."

"Ndinkamunyamula akunjenjemera," anatero mkamwini. "Kumuika chonchi, kulira. Kumuika chonchi, kulira."

"Chabwino, zatha. Sindikufuna kuti mawa anthu aziti apongozi anachotsetsa mkamwini ntchito." Anakoka beseni ndi phazi, nayamba kuzula mapegi mwaukali, imodzi, iwiri, itatu. "Ndikuanula. Nyale yanu ikagende mitambo yake. Nyumba ipulumuke, mwana avale zonyowa."

Mkamwini anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi khumi kuti ikwane 10 koloko. Anayang'ana kumsewu kumene galimoto ya ku likulu ikanatulukira. Kenako anawerama, napukuta kagalasi kaja ndi mkono wa malaya, nawerenga nambala. Anawerenganso.

Anatola pegi yomwe inagwa pansi, naipereka ndi manja awiri.

"Amayi, tabwezerani pachingwe. Akadali pa 62."