Ndinabisalira Thandizo M'chigafa cha Fodya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Mumandiona ndikulowa m'tchalitchi ndi mwendo wowuma ngati munsi, ndipo mumati ndi ngozi. Ngoziyo inathyola fupa lokha. Zotsalazo ndinadzichita ndekha, ndipo lero ndiulula.

Anali masiku a chipani chimodzi, kumapiri kwathu kuno pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Ndinagwa padenga pofolera chigafa, fupa la ntchafu n'kuthyoka pafupi ndi bondo. Ananditengera pangolo mpaka kumsewu, ndipo a chipatala cha pa boma ananditumiza ku Lilongwe. Kumeneko anandichita opaleshoni, n'kulumikiza fupalo ndi chitsulo. Potuluka, mmodzi wa madokotala, a Chimwaza, analemba dzina langa ndi mudzi wanga m'buku. Anati akuchita kafukufuku wofuna kudziwa mmene anthu oikidwa zitsulo amachirira. Anandiuza tsiku lobwereranso, n'kuchenjeza kuti pabalapo pasapakidwe kanthu kalikonse.

Tsono ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma ndinkawerenga chilichonse, ngakhale nyuzi yokulungira usipa. Ndinali ndi kabuku ka zaumoyo kothothoka masamba oyambirira, ndipo nako ndinkadziyesa dokotala wosowa jasi chabe. Mwendo utayamba kutupa, amalume anabwera ndi lumo, amvekere, "Mphwanga, fupa silimva jekeseni, limamva mphini." Ndinatsegula kabuku kanga, sindinapezemo poletsa mphini. Mwina panali pa masamba othothoka aja. Ndinalola. Anatema m'mbali mwa posokedwa, n'kutikitamo mankhwala akuda.

Tsiku lobwerera kuchipatala ndinaliphonya dala. Ndikanawaonetsa bwanji mphinizo, ine munthu wowerenga?

Pasanapite nthawi, mafinya anayamba kutuluka. Thupi linkatentha, m'nyumba munkanunkha, ndipo mayi akunyumba, Nangondo, ankachapa nsanza m'mawa ndi madzulo osadandaula. Ndinaona kuti mwendo ukupita. Ndinapemphera ndi misozi kuti, "Ambuye, nditumizireni munthu."

Tsiku lina masana tinamva kuti kwabwera bambo wa njinga yamoto, ali ndi buku la mayina, akufunsa ine. Achinyamata a lero simungamvetse. Masiku amenewo mlendo wa buku akatchula dzina lako, mtima unkagwa, ndiye ine khadi la chipani la chaka chimenecho ndinali ndisanagule. Ndinadzikwakwaza mpaka m'chigafa chomwe chinandigwetsa chija, n'kubisala kuseri kwa fodya. Ndinalamula Nangondo anene kuti ndapita kumaliro. Munthu wosayenda, kumaliro! Mlendoyo anabwerera, ine n'kuthokoza Mulungu kuti wandipulumutsa.

Patatha masabata atatu njinga ija inaliranso, ine n'kukwawiranso m'chigafa. Koma ulendo uno ndinamva mawu a Nangondo pabwalo.

"Ali m'chigafamo, kuseri kwa fodya. Kaya ndinu achipani kaya ndani, atengeni. Mwendo ukuwola."

Amene anasuzumira anali a Chimwaza, matope mpaka m'maondo.

"Akulu, mapiri awa ndakwera kawiri chifukwa cha inu. Khadi lanu ndilibe nalo ntchito. Ndionetseni ntchafu."

Kafukufuku wawo sankalola kuti dzina lingosowa m'buku, choncho ankalondola aliyense amene sanabwerenso. Ataona mphini zija sanandikalipire. Anangoti, "Mukanapezeka ulendo woyamba uja, mwina bondoli tikanalipulumutsa. Pano tiyeni tilimbane ndi mwendo."

Kuchipatala anachotsa chitsulo, n'kupala fupa lovundalo kawiri. Ndinagona miyezi, mwendo ukukokedwa ndi chingwe chomangirira zolemera. Madokotala anakambirana zodula ine ndikumva, koma a Chimwaza anapempha kuti adikire sabata imodzi. M'sabata imeneyo kutentha kunatsika, mafinya anayamba kuuma. Mwendo unatsala, koma bondo silinapindikenso mpaka lero.

Ndinawafunsa kuti za ine analemba zotani. Anati analemba zoona zokhazokha, mphini ndi kubisala komwe, kuti azidziwa zowachenjeza ena. Moti ine wokonda mabuku ndinalowa m'buku ndithu, koma pa tsamba la anthu osamva.

Chimene chimandiwawa kwambiri si bondo ayi. Nangondo ndinamukwiyira chifukwa chondiulula, ndipo atabwera kudzandidikirira kuchipatala ndinakhala masiku osamuyankhula. Pambuyo pake tinkangoiseka nkhaniyi, koma mawu oti "unachita bwino" sindinawatulutse. Ndinkati ndidzanena. Anatisiya zaka zapitazo. Pamanda pake abale anagwada popemphera, ine ndinaimirira ndekha ngati mlendo, pa mwendo umene iye anaupulumutsa.

Komabe ndikuthokoza Mulungu. Ndinapempha munthu, Iye anamutumiza, ndinamuthawa, Iye anamutumizanso. Sanatope nane.

Inu amene muli ndi bala, kaya la thupi kaya la mumtima, musataye mtima, ndipo musalibise chifukwa cha manyazi. Tsiku limene achipatala akuuzani, pitani. Ndipo ngati alipo amene anakuululani kuti mukhale ndi moyo, mukamuthokoze lero lomwe, akadali wokumvani.