Fungo Likatha, Musatsike

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1962, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo. Chimene ndili nacho lero si chisoni chokha ayi. Ndili ndi mantha, ndipo ndisanakhale pansi mudziwa chifukwa chake.

Sukulu anayamba mu 1969, nalekeza kalasi lachisanu ndi chiwiri bambo athu atamwalira. Mu 1978 anayamba kukumba zitsime. Ntchito imeneyo inawaphunzitsa kudalira mphuno zawo. Ankati akanunkhiza pakamwa pa chitsime, adziwa ngati pansi pali mpweya wabwino kapena woipa, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu mphunozo sizinawanamize. Tinkawaseka kuti tiyi wa kwa aneba amamumva madzi asanawire.

Pa 20 Ogasiti 1986 anakwatira alamu athu akhala apawa. Ankanena okha kuti anawafunsira ali pansi pa chitsime cha apongozi, mayiwa atasuzumira pamwamba, chifukwa maso ndi maso mawu ankawathawa.

Mu 2015 boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa alimi kupanga gasi wophikira kuchokera ku ndowe za ziweto ndi zotsalira za m'munda. Linkapereka simenti, mapaipi ndi mbaula, ndipo linaphunzitsa amisiri kumanga maenje otseka pamwamba, momwe ndowezo zimawolera n'kutulutsa gasi. Malemu anali m'gulu loyamba. Dzenje lawo loyamba anamanga kuseri kwa khola lawo. Ambiri tinawanyoza, woyamba ine, kuti akulu anga ukalamba wawalowa udyo, akufuna kuphikira ndowe. Koma lawi litayaka m'khitchini mwawo, alamu ataleka kutsokomola utsi, onyoza tonse tinakafola pakhomo pawo. Pofika chaka chino anali atamanga maenje makumi atatu ndi asanu ndi limodzi.

Dzenje lotere pakapita zaka limadzaza matope pansi, ndipo munthu amalowamo kukawachotsa. Apa malemu anabweretsa nzeru ya ku zitsime. Aliyense amene anamumangira anamuuza kuti avundukule, asayatse moto pafupi, adikire, ndipo fungo la mazira owola likatha atsike. Lamulo limeneli ambiri muli pano munaliloweza.

Pa 3 Juni chaka chino m'mawa, malemu anavundukula dzenje lawo, mwana wawo woyamba atagwira chingwe chimene anamanga m'chiuno. Anawerama, ananunkhiza, nati fungo latha. Anatsika makwerero anayi, achisanu sanawaponde. Mwanayo anangomva chingwe chalemera. Anakoka yekha mpaka zikhatho kusupuka, nawatulutsa atakomoka. Akanati atsike kukawatenga, lero tikanaika anthu awiri.

Kuchipatala adokotala anatiuza chinthu chimene tonsefe sitinkachidziwa. Mpweya woipa wa m'maenje amenewa umanunkha ukakhala wochepa. Ukachuluka umayamba wapha mphuno, munthu osamvanso fungo lililonse, kenako umapha mwini wake. Ndiye kuti nthawi imene tinkati dzenje layera ikhoza kukhala nthawi imene lili loopsa koposa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri malemu anatsitsimuka, ndipo mwana wawo anawafotokozera zimenezi. Ndinali pomwepo. Munthu amene ankatsika m'zitsime zakuya akuimba mluzu ndinamuona ali ndi mantha. Sankaopa imfa yawo. Anayamba kuwerenga pa zala makomo amene anamangako, chifukwa mndandanda wawo unali m'mutu mokha, ife tikulemba. Anafika pa makumi atatu ndi asanu, mpweya unawathera. Limodzi linatsala. Anatilamula kuti pamaliro pawo tisataye nthawi kuwayamikira, tinene kuti anaphunzitsa molakwa. Anatisiya pa 12 Juni ali ndi zaka 63.

Choncho ndikunena m'malo mwawo. Inu nonse amene muli ndi dzenje kuseri kwa khola, inenso ndili nalo, musalivundukule. Mphuno zanu musazikhulupirire. Alangizi a boma amene ali nafe pano alonjeza kubwera ndi chida choyezera mpweya ndi kutiphunzitsa kayeretsedwe koyenera. Akuluakulu, ntchitoyi ndi yabwino, malemu sanainyoze ngakhale ali pabedi, ndipo isaime. Koma chonde fulumirani. Ino ndiyo nyengo imene anthu akamaliza kukolola amayeretsa maenje.

Malemu asiya mkazi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza aneba amene anawathamangitsira kuchipatala, anamwino amene anawasamalira, ndi amisiri anzawo amene ayenda makomo onse makumi atatu ndi asanu kukachenjeza anthu.

Mukawerenga ana akhala kutsogoloku mupeza anayi. Ndamva kale manong'onong'o akuti mwana woyamba wathawa maliro a bambo ake. Musamuchimwire. Khomo lotsala lija alamu alikumbukira lero m'mawa. Ndi la aphunzitsi ena opuma ntchito, kutali, kumene foni sizigwira. Mwezi watha anauza malemu kuti adzayeretsa dzenje lawo Loweruka lino, iwo ndi akamwini awo. Loweruka lake ndi lero. Mwanayo wanyamuka pa njinga yamoto, zikhatho zili m'mabandeji, ndipo anati akawachenjeza abwerera pamene foni zimagwira kuti atiimbire, koma mpaka pano sanaimbe.

Abusa, mundikhululukire, foni yanga sindinazimitse. Ikalira pakati pa pemphero ndiyankha.

Akulu anga, uthenga wanu ndaupereka monga munanenera. Mwana wanu ali m'njira kupita ku khomo lotsala lija. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo Mulungu alole kuti afike chivundikiro chisanachotsedwe.