Manda a Bambo Anga Ndinayamba Kukumba Ndekha

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma mundipirire, thupi langa likadali lotopa.

Ambiri mukundidziwa. Sukulu ndinalekezera Fomu 1, ndipo mtima wanga ndi wapachala, amayi anga ali apowa angakuuzeni. Mlamu wanga ali ndi kashopu kotayipa makalata ku Biwi, ndiye ananditenga kuti ndisamangozungulira mu Mgona muno. Mu kompyuta ya pashopupo munali gemu ya mafumu akale a Azungu, a malupanga ndi akavalo aja. Umayamba ndi tinyumba tinayi. Ulime tirigu, umange linga, ukwatire mwana wa mfumu ina, anthu ako azibereka, azidwala, azifa. Chizungu chake sindinkamva chonse, koma ndinaphunzira. Abale, ndinali mfumu. Ine woti kunja kuno palibe amandifunsa nzeru, mmenemo mudzi wonse unkadikira ine. Ndinkachita kudzitama nazo kwa anzanga.

Mukudziwa, maliro akagwa kuno anyamata timalawirira kumanda ndi mapiki. Ine ndinkalawirira minibasi ya ku Biwi. Maliro atatu anadutsa. Achitatuwo anali a mwana wa abambo Phiri, aneba athu, khoma ndi khoma. Amayi anandigwira malaya pakhomo kuti lero lokha ndisapite, ine ndinakutumula dzanja lawo, nkuwakalipira kuti ntchito yachuluka. Kunalibe ntchito, abale. Adani anali atazinga linga langa. Ndipo tsiku lomwelo, zamanyazi, anthu anga a mu kompyuta ndinawamangira tchalitchi ndi manda okongola.

Sabata yathayi bambo anga anatisiya. Tsiku loika ndinafika kumanda mmamawa, ndinapeza anyamata onse alipo. Akhala pansi pa mtengo, zida aunjika pamodzi. Palibe anadzuka. Mmodzi anangoti, "Amfumu afika. Itanani asilikali anu adzakumbe."

Magazi anawira. Ndinatola piki, ndipo Mulungu ndi mboni, sikukumba kumene ndinkaganiza. Koma thupi la bambo linali m'nyumba kuyambira dzulo lake, kutentha kwa Okutobala uku, amayi ali pambali pa bokosi kudikira uthenga woti manda atha. Ndikanamenya munthu, bambo sakanaikidwa tsiku limenelo. Sindikudziwa chimene chinandigwira mkono. Ndinangotembenuka, nkuyamba kukumba ndekha.

Dothi la kumanda kuja nyengo ino ndi mwala. Ndinakumba, ndinakumba, manja anatuluka matuza, matuza nkuphulika. Dzuwa lafika pamutu, dzenje likulekeza m'mawondo. Ndinkangoti Yesu, Yesu, pemphero lina ndinalibe. Kenako ndinangokhala pansi m'dzenje momwemo, kulira ngati mwana, anyamata akundiyang'ana.

Amene anatsikira m'dzenjemo anali abambo Phiri. Inde, omwewo amene mwana wawo sindinamukumbire. Sanandipepese, sanandikalipirenso. Anangolanda piki nkunena kuti, "Tuluka, ukamwe madzi." Iwo atayamba kukumba, anyamata aja anadzuka mmodzimmodzi. Bambo tinawaika dzuwa litapendeka, koma tinawaika.

Gemu ija sindinafufute ndekha, ndisaname pamaso pa Mulungu, mphamvu zimenezo ndinalibe. Ndinachita kupempha mlamu. Sindikunena kuti ndasinthiratu, ayi, muzindipempherera. Koma Lachinayi lapitali kunagwa maliro ena cha kumunsi uku, ndipo ndinalipo. Piki inandikanika kugwira, ndinkatunga madzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira mkono wanga. Ndikuthokoza abambo Phiri, akhala kumbuyo uko, sakufuna ndiwaloze. Ine manja angawa sanapole, sindingathe kuomba. Inu amene manja anu ali bwino, muombereni Yesu m'malo mwanga, musangalale nane. Ameni.