Ampu ya a Elton ndi Mbuzi Yanga

Loweruka lapitali amuna anga, a Makina, anandiyendetsa wapansi mpaka pa Chiringa ndikukoka mbuzi yanga yabere, yokhayo yomwe ndili nayo, kuti akaisinthanitse ndi ampulifaya yakale ya gitala kwa a Elton, okonza mawailesi ndi mafoni. Eniake anali pa njinga, gitala kumsana, ndipo njira yonse amangondilangiza kuti, "Mayi a Rozaria, kumeneko mukatseke pakamwa. Ndikayamba ndi kuinyoza, mwiniwake akafooke, akationjezerepo ndi waya womwe."

Ndinamanga mbuzi pa nsanamira ya khonde n'kukhala pa benchi. A Elton anatulutsa chibokosi chakuda, akuyenda chopendekeka.

"Ndi imeneyi, bambo. Amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndi ya mababu, yachikale."

A Makina anaizungulira kawiri, manja kumbuyo, nkhope atakwinya. Anainyamula, msana unati khoo, anaitula msanga.

"Aaa! Achimwene, mwaikamo miyala."

"Miyala?"

"Ife ndi alimi a nandolo, zimenezi timazidziwa. Thumba likalemera chonchi ndiye kuti pansi pali mchenga."

"Dikirani ndione."

A Elton anatenga chomasulira, anagwada, anachotsa thabwa lakumbuyo n'kulowetsamo mutu.

"Mukutani?"

"Ndikufuna miyala ija." Anakhalamo kanthawi. "Mulibe, bambo. Muli chitsulo chake chomwe anaipangira, mababu anayi, ndi mphemvu ziwiri."

"Mwamva, mayi a Rozaria? Mphemvu!"

"Imodzi ndi yakufa."

"Yafa ndi chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndaipeza chagada."

"Ehee! Ngati mphemvu ikufera m'menemo, kuli bwanji nyimbo zanga?"

A Elton anaganiza mofatsa ndithu. Kenako anang'amba chidutswa cha katoni, anachotsa bolopeni pakhutu n'kuyamba kulemba.

"Nanga mukulemba chiyani?"

"Zimene mukupezazi. Ine ndakhala nayo zaka zitatu osaziona. Kulemera. Kupha mphemvu. Pitirizani, bambo."

A Makina ananditsinzinira diso. Ine ndinayang'ana mbuzi yanga.

"Yatsani timve."

A Elton analumikiza ku magetsi n'kudina. Zii.

"Yafa."

"Siinafe. Imayamba yafunda kaye."

"Kufunda? Ndi kalongonda ameneyu, woti tizidikira tsiku lonse?"

"Ayi, ndi ampu."

"Ndikudziwa kuti ndi ampu! Ndikuti ndi yaulesi. Pa ukwati mkwatibwi adzakhala atalowa kale, iyo ikadaphethira."

"Ulesi," a Elton analemba.

Mababu aja anayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala. A Makina anasuzumira.

"Mababu anayi, koma ngakhale singano sungaione nawo. Atha awa."

"Si owunikira."

"Babu losawunikira ndi babu lanji? Kwanu mungalipachike?"

"Ayi."

"Lembani."

Analemba. Kenako ampu inayamba kung'ung'udza chapansipansi, mmmm. A Makina anakweza chala.

"Mwamva? Ikubuula."

"Imachita choncho ikadzuka."

"Inenso ndimachita choncho ndikadzuka, ndipo n'chifukwa cha msana." Anaika dzanja pamwamba pake n'kulichotsa msanga. "Mayo! Ikutentha thupi! Mayi a Rozaria, mwana akatentha chonchi mumatani?"

"Munati nditseke pakamwa."

"Malungo awa, achimwene. Malungo enieni."

"Ampu imadwala malungo?"

"Iyi yadwala. Polowetsa memori kadi ndi pati?"

"Palibe."

"Wailesi imagwira?"

"Ayi."

"Foni imatchaja?"

"Ayi."

"Ndiye ntchito yake n'chiyani?"

"Kukuza mawu a gitala."

"Basi?"

"Basi."

A Makina anapukusa mutu, anausa moyo ngati afika pa maliro.

"Chabwino. Poti ndine munthu wachifundo, ndikuchotserani mtolo umenewu. Mbuzi ndi iyo. Koma muonjezerepo waya wautali uja ndi kamaikolofoni kali pawindopo."

Ndinayamba kale kuganiza za khola lopanda kanthu. Koma a Elton sanayang'ane n'komwe mbuziyo. Anawerenga katoni yawo kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera, kenako anazimitsa ampu n'kuzula waya.

"Sindingakugulitseni, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Zilema zisanu ndi zinayi. Ine ndimawerenga mawu kutchalitchi. Ndikupatseni chinthu chodwala, nditenge mbuzi yamoyo, mawa ndikaima bwanji kutsogolo?"

"Ayi, ayi, ine ndavomera ndekha."

"Mwavomera chifukwa cha chifundo, mwanena nokha. Sindingadyere chifundo cha munthu." Anatenga pulayazi. "Ndingochotsa sipika ndi mawaya, bokosilo makasitomala azikhalira."

A Makina analumpha ngati aponda moto n'kugwira dzanja la pulayazi lija.

"Iwe! Usakhudze!"

"Ndi yodwala, bambo."

"Kunali kulankhula kwa pamsika kuja! Aliyense amatero akamagula!"

"Ndiye mumanama?"

"Ine? Kunama? Bambo wa ana asanu?"

"Ndiye ndi zoona."

"Ndi zoona, koma..."

"Ndiye ndichotse."

"Dikirani! Ndi zoona za nthawi imene ija. Panopa mwina yachira."

"Popanda mankhwala?"

"Yatsaninso, yatsaninso tione."

A Elton anayatsanso. Nthawi ino a Makina anadikira mwaulemu, osatchula za kalongonda. Anamasula gitala, analumikiza, anakhala pa ndowa yovundikira n'kukhudza nsambo.

Ine za nyimbo sindizidziwa, ndipo gitala imeneyo yanditopetsa zaka makumi awiri. Koma chilungamo ndinene: mawu amene anatuluka m'chibokosi chija anali onenepa, ofunda, ofika mpaka m'mimba. Akabaza awiri anaimitsa njinga pamsewu. Mayi wina wogulitsa tomato anayamba kugwedeza mapewa, beseni lili pamutu. A Makina anatsinzina maso, anaiwala zoti akugula.

"Ha! Mwamva zimenezo, achimwene? Mwamva?"

"Ndamva. Koma ikutenthabe."

"Imayenera kutentha! Kutenthako ndiye kukoma kwake. Za masiku anozi zimazizira ngati chule, mawu ake ngati ukumenya chitini."

A Elton anatembenuza katoni ija n'kuyamba kulemba kuseri.

"Nanga kulemera?"

"Ndi kopa ameneyo! Kopa weniweni! Wakuba sangathawe nayo, angathyoke msana asanafike pa mlatho."

"Mababu osawala aja?"

"Mababu amenewa simungawapeze ku Phalombe kuno. Ngakhale ku Limbe mungazungulire mpaka nsapato kutha."

"Ulesi?"

"Si ulesi, ndi ulemu. Chinthu chachikulu sichilankhula chisanaganize."

"Mphemvu ija?"

"Inafa ndi ukalamba. Malo abwino, inakhalitsa."

"Ndiye ampuyi ndi yabwino?"

"Yabwino? Achimwene, anyamata oimba a mu Blantyre ataimva angamenyane pakhonde pano. Chinthu ichi sichigulidwa kawiri pa moyo wa munthu. Mbuzi imodzi n'chiyani? Ngakhale zisanu!"

Apa ndinatsokomola. A Makina anatsegula maso. Anaona bolopeni ikuyenda.

"Zisanu," a Elton analemba, n'kudula mzere pansi pake. Anasuzumira kunja. "Mwabwera ndi imodzi."

"Kunali kulankhula chabe kumeneko!"

"Kwa pamsika?"

"Ayi! Eee! Ayi... kwa chisangalalo."

"Ndiye mumanama?"

"Iwe, usandifunsenso funso limenelo!"

"Pepani, bambo. Kungoti mbali iyi ya katoni ikuti ndisakugulitseni chifukwa ndingakubereni. Mbali inayi ikuti ndisakugulitseni chifukwa mungandibere. Mbali yoti ndigulitse sindikuiona."

A Makina anapukuta thukuta ndi chipewa. Anatsika pakhonde n'kuima pambali pa mbuzi yanga, anaisisita pamsana, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire chake.

"Bwerani muone kuno. Iyi si mbuzi imodzi. Ili ndi bere. Imabereka awiriawiri, siiphonya. Mwezi wamawa muli ndi zitatu, chaka chamawa zisanu zija zakwana. Siidwala, siilowa m'munda mwa munthu, ukaiitana imabwera. Mayi a Rozaria anailera ngati mwana, madeya amachita kuiphikira."

A Elton anatembenukira kwa ine.

"Mayi, n'zoona zimenezi?"

"Zonse," ndinatero. "Aka n'koyamba lero kuti anene zoona."

"Ndiye muli ndi zingati kunyumba?"

"Ndi yomweyi."

A Elton anabwezera bolopeni pakhutu.

"Iyayi, bambo. Mbuzi yotere, yokhayo, yoleredwa ndi mayiwa, ndiitenge ine? Ndingagone tulo? Imeneyi sindingailandire."

"Imani kaye! Si yabwino choncho ayi!"

"Si yabwino?"

"Imatsokomola. Eee. M'mawa uliwonse. Ndipo ndi yakuba, inatha chinangwa cha aneba chaka chatha. Berelo mwina si bere, mwina yangotupa. Taonani mano akewa, yakalamba iyi!"

Anaigwira kukamwa kuti aonetse mano. Mbuzi inawagunda pabondo.

"Imagundanso," a Elton anatero. "Ndiye mwandibweretsera mbuzi yotsokomola, yakuba, yotupa, kuti mutenge ampu ya mbuzi zisanu?"

"Ayi! Ndikuti... ili pakatikati! Mbuziyo ili pakatikati, ampunso ili pakatikati! Zonse n'zapakatikati! Tisinthane basi!"

"Zapakatikati simunazitchule. Ndilembe pati? Katoni yadzaza."

"Osalemba! Taya katoniyo! Anthu amagulitsana zinthu osalemba!"

"Ndikataya ndiiwala zimene mwandiphunzitsa. Ndathokoza kwambiri, bambo. Ndimaiona ngati chibokosi chongodya malo, inu mwanditsegula maso. Ndiisunga. Ndiziipukuta Loweruka lililonse."

Anazimitsa, anadikira kuti mababu azizire, anabwezera thabwa lakumbuyo n'kuifunditsa chitenje.

Ine sindinadikire kuti wina asinthe maganizo. Ndinadzuka, ndinakonza nsalu, ndinamasula mbuzi yanga. Zovala za ana zinali zikundidikira mu beseni kunyumba.

A Makina anakhala pansi pa sitepe, gitala pamiyendo, mawu atatha mphamvu.

"Elton, mwana wanga, tandimvera chisoni. Ine ndalonjeza kale anthu a ku Jenala kuti ndikaimba pa ukwati. Gitala yamagetsi yopanda ampu ili ndi ntchito yanji? Ndi thabwa chabe ili. Nkhuni!"

A Elton anaiyang'ana gitala ija nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu.

"Zoona, bambo, kwa inu ilibe ntchito. Ine ampu ndili nayo. Isiyeni pompano, ndikupatsani nkhuku."

A Makina anakumbatira gitala yawo. Ine ndinali nditafika kale pamsewu, koma ndinabwerera ndi mbuzi yanga.

"A Elton," ndinatero, "nkhukuyo ndi yoikira?"