Bokosi la Sitolo ya Penhallow

Bambo Desmond Hartigan a ku Ballarat, amene akazi awo anatopa kale kuwafunsa chifukwa chodzazira nyumba ndi mabokosi opanda kanthu, anali atasaka bokosi limodzi kwa zaka makumi awiri: la sitolo yakale ya Penhallow, losungiramo timigolo taphula toimba nyimbo pagalamafoni. Loweruka lina analipeza pakhonde la Mayi Noelene Pascoe, mlimi wa nkhosa kufupi ndi tauni ya Wycheproof.

"Ndi lomweli!" anatero, akupukuta magalasi. "Mayi, ndigulitseni."

"Nyimbozo? Tengani zonse, bambo, zili m'chitinimo. Zimalira ngati nkhosa yachimfine."

"Nyimbo ayi. Bokosi."

"Lopanda kanthu?"

"Lopanda kanthu."

Mayi Pascoe anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Ulendo wonsewu kuchokera ku Ballarat, kudzagula mphepo? Kuseriku kuli makatoni a mapichesi. Atsopano."

"Makatoni ndichite nawo chiyani ine?"

"Nanga ili mukachita nalo chiyani?"

"Ndikaliika pashelefu."

"Muikemo chiyani?"

"Palibe!"

"Ha, zilikotu! Ine ndimaikamo mazira. Tizipinda take n'tokwana bwino, dzira lililonse pakepake."

Mazira! M'bokosi la Penhallow! Bambo Hartigan anavalanso magalasi awo. Ndiye poti munthu wokonda chinthu sachedwa kusanduka mlaliki, anayamba ulaliki.

"Mayi, mvetserani. Matabwawa si kanthu, kalipentala aliyense angakhome. Chuma chili apa." Analoza ndi chala, osakhudza, pepala lofiirira lomatidwa pachivindikiro. "Dzina la sitolo. Lina ngati ili sindinalionepo."

"Ndiye matabwawa si kanthu?"

"Si kanthu!"

"Pepalali ndiye zonse?"

"Eya! Tsopano mwamva."

"Bwanji osanena kale? Takhalani pansi, ndikuphikireni tiyi."

Ananyamula bokosi lija kulowa nalo kukhitchini, ati akachotse mazira. Bambo Hartigan anakhala pampando akumwetulira okha, m'maganizo akusuntha mabokosi ena pashelefu kuti mfumu ya mabokosiyi ipeze malo. Ketulo inalira, n'kulirabe, n'kulirabe. Iwo sanadandaule, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi aja anatuluka ndi thireyi: tiyi, masikono opaka jamu, ndi kambale kena pambali. Pakambalepo panagona pepala lonyowa, lopindika m'mbali, inki ikuyenderera.

"Lamatuka bwinobwino," anatero monyadira. "Mmene ndimachotsera mapepala a pamabotolo a jamu. Nthunzi sinama, bambo. Zilembo ziwiri zokha ndizo zasungunuka."

Bambo Hartigan anasuzumira pakambalepo. Zaka makumi awiri zinali pakambale, pafupi ndi shuga.

"Mayi... mwatani?"

"Si mwati zonse zili papepala? Tengani ulere, ndalama zanu sungani. Matabwa opanda pakewo ndisiyireni, nkhuku zanga sizidziwa kuwerenga."