Mapeyala a Elube

M'zaka zimene ndinkatsika kuchokera m'tsinde mwa phiri la Michesi kudzakwatira kuno ku Kaduya, malo olima munthu ankawapeza ndi pakamwa komanso khalidwe, ndipo chigwa chonsechi chinali chotakasuka moti m'mawa nkhungu ikagona pa minda ya mpunga, phiri linkaoneka ngati likuyandama lokha kumwamba, akakowa akuyendayenda pansi pake. Inu aphunzitsi, mwati mwazungulira midzi yonse kufuna kadimba koti mubzalepo mpiru ndi matimati popeza bwalo la nyumba ya sukulu ndi louma gwa. Khalani pamkekapo, ndipo inu ana sendezani madenguwo mlendo atambasule miyendo. Nkhani yangayi mwina ikuthandizani, mwina ingokuwodzeretsani ndi mthunziwu, zonse n'zabwino.

Kuno kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo ine ndinatsata Elube, mtsikana wamanyazi pamaso koma wouma mutu ngati chitsa cha tsanya. Nditamanga nyumba, amalume ake, a Khoviwa, amene anali mwini mbumba, ananditenga ulendo wa kudambo, n'kuloza ndi ndodo kuyambira pachulu kukafika pamabango. Anati, "Apa limani, akamwini. Nkhwani, anyezi, nzimbe, chilichonse chimene chimakololedwa n'kutha. Kumtunda kuja bzalani nandolo ndi kalongonda. Koma mtengo ayi. Mkamwini sabzala mtengo."

Mukuseka, ana inu, koma mawuwo anali ndi nzeru yake. Chimanga chimatha ndi chaka, koma mtengo umapitirira ukwati, umapitirira ndi munthu yemwe, ndipo wobzala mtengo amakhala ngati akunena kuti dothi ili ndi langa. Tsono dothi ndi la akazi ndi ana awo aakazi, mwamuna ndi wobwera. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Ine ndinawomba m'manja n'kuvomera, koma mtima unandiwawa, chifukwa kwathu kuphiri, kuseri kwa nyumba ya amayi anga, kunali mtengo wa mapeyala umene ndinakulira pansi pake, ndipo kuno kuchigwa ndinkaulota kawirikawiri. Ndinkalota mphepo ya m'phiri ikuugwedeza, mapeyala akugwa pa udzu di! di! amayi akutola m'chitenje. Ndikadzuka ndinkapeza bwalo lopanda mthunzi, dzuwa likuwotcha mpaka nkhuku kuyasamula.

Tsiku lina pobwerera kokaona amayi ndinatenga njere ya peyala n'kuibisa kudenga, pakati pa udzu. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuchita nayo, mwina kumangoiyang'ana. Koma nyumba ilibe chinsinsi kwa mkazi wosesa. Elube anaipeza itayamba kung'aluka, kamuzu koyera katasuzumira, ndipo anandifunsa kuti, "Kodi bambo, ichi mukusunga kuti chiswe anapiye?" Ndinamuuza zonse, za mtengo wa amayi ndi za malotowo. Iye anaitembenuza njereyo m'manja, kenaka anati, "Amalume analetsa dzanja lanu. Langali analiletsa ndani?"

M'mawa mwake Elube anaitana mng'ono wake Lusiya ndi a Khoviwa kuti aone ndi maso awo. Ine ndinakumba dzenje, ndinathiramo manyowa a mbuzi owolerana, Lusiya ali pambali kundiseka monga amachitira alamu, akuti, "Alamu, dzenje lonseli mukufuna kukwiriramo ng'ombe?" Ndipo nditatha ndinabwerera m'mbuyo, manja kumsana, Elube n'kugwada, n'kuika njereyo pansi ndi dzanja lake, n'kukwirira. A Khoviwa anakanda ndevu nthawi yaitali, chifukwa anaona bwinobwino kuti tawazemba, koma mlandu panalibe. Anangoti, "Mtengo wa Elube uwu. Aliyense wamva." Ndiwo uno takhala pansi pakewu, aphunzitsi. Kwezani maso muone kumene unafika.

Kubzala ndi ntchito ya kanthawi, ana inu, ntchito yeniyeni ndi kulera, ndipo kulera palibe anandiletsa. Ndinautchingira ndi minga kuopa mbuzi, ndinkathira phulusa kuzungulira tsinde kuti chiswe chisayandikire, m'chilimwe ndinkaphimbira pansi ndi mapesi n'kumatunga madzi kudambo dzuwa lisanakwere, anthu akundinena kuti mwamuna uyu wasanduka mkazi wa kuchitsime. Masiku ano mumagula mbande zomezanitsa m'timapepala takuda, ndipo musanaiwale tsiku lobzala mwayamba kale kuthyola. N'zabwino, nanenso ndinaphunzira kumezanitsa nditakula. Koma wa njere unkafuna mtima wautali, unkangokula masamba chaka ndi chaka, ana athu kubadwa, kukwawa, kuyamba sukulu, iwo uli chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chimene unachita maluwa, njuchi zinadzaza pabwalo pano ndi kulira kwake kwapansipansi kuja, ndipo ine ndi Elube tinkangokhala masana onse pansi pake, timaluwa tikutigwera m'mutu. Sindikumbuka nthawi ina imene ndinakondwa kuposa imeneyo.

Pambuyo pake panabwera mango, magwafa ndi malalanje, yonse mwa njira yomweyo: ine dzenje, iye dzanja. Ndipo madzi aakulu atatsika m'phiri chaka china n'kukokolola mudzi wa kwathu, mtengo wa amayi unapita nawo, abale otsala anabalalikira kwina, ndipo chimene chinatsala cha kwathu ndi mtengo uno basi.

Tsono Elube anadwala, ndipo anatisiya mapeyala ali aang'ono ngati mazira a njiwa. Mukudziwa mwambo wathu: mkazi akamwalira, maliro akatha, abale ake amamusudzula mwamuna, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Si nkhanza ayi, ndi mmene zimakhalira. Koma ine ndikanabwerera kuti? Kuphiri kunali miyala yokhayokha, ndipo ine mawondo anali atayamba kale kulira. Ndinachita mantha, ana inu, sindikubisirani. Achinyamata ena a kutchalitchi anandinong'oneza kuti malamulo anasintha, ndingonena kuti mitengoyi ndinabzala ndine, mudzi wonse unandiona ndikuithirira, palibe angandichotse. A Khoviwa anali atamwalira kalekale, ndipo mboni yotsala yoti anabzala ndi Elube inali Lusiya yekha.

Tinasonkhana pomwe pano. Mlongo wake wa Elube, amene anali atalowa umwini mbumba, analankhula zonse za mwambo, ndipo pomaliza anayang'ana kumwamba n'kufunsa kuti, "Nanga mitengoyi, alamu, ndi ya yani?" Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ine m'maganizo ndinaona dzanja la Elube lili ndi dothi, monga ndinalionera m'mawa uja, ndipo ndinadziwa kuti ndikati ndi yanga ndiye kuti ndamulanda ali m'manda. Ndinati, "Ndi ya malemu. Ine ndinali wothirira chabe." Iwo anagwedeza mutu, anandisudzula mwaulemu wonse, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lonyamuka ndinamanga kamtolo kanga, koma ndisanatuluke ndinati ndiithirire komaliza. Panali kamlalanje kamene ndinali nditangomezanitsa kumene, pachilonda pake pakadali pomanga, ndipo ndinagwada kuchotsa timphukira tapansi timene timaba chakudya cha nthambi yomezayo. Ndili chogwada choncho ndinamva ndodo kumbuyo kwanga. Anali Lusiya, atakalamba naye, mlongo wawo uja ali pambuyo pake.

Lusiya anati, "Alamu, kamtolo ako n'ka chiyani?"

Ndinati, "Paja munandisudzula."

Anati, "Ee, tinakusudzulani pa ukwati wa achemwali, ndipo mukafuna kukwatira kwina pitani, ngati alipo angakuloleni ndi mano atatuwo. Koma tagona tikukambirana. Mukanati mitengoyi ndi yanu, lero bwenzi tikukuperekezani mpaka pamsewu, chifukwa munthu wolanda mtengo mawa amalanda munda. Inu mwaisiya m'manja mwa mwini wake. Tsono ife tilibe mphamvu yokuchotsani pa ntchito imene anakupatsani malemu. Masulani kamtoloko, madzi akutayika m'ndowamo."

Ndinalira, ana inu, mwamuna wamkulu ndevu zoyera, ndinalira ngati mwana wotayika amene wamva mawu a amake kutsidya kwa mtsinje.

Ndiye inu aphunzitsi, musataye mtima. Malo anachepa, n'zoona, dambo lija lagawidwa mpaka mizere ikugundana, koma sanathe. Pitani kwa amayi a pamudzi, osati kwa amuna awo, muodire bwinobwino, mukhale pansi, munene chimene mukufuna kulima. Akakubwerekani kachigawo, lemekezani malire, ndipo masamba oyamba apite kukhomo kwa mwini dothi. Mukadzakhumba mtengo pamalo a eni, muitaneni mwini wake aike mbande ndi dzanja lake, inu mugwire ndowa. Musadandaule kuti boma lidzakusamutsani musanalaweko, pakuti amene adzadye adzafunsa ndithu kuti ankathirira ndani.

Ine pano ndilibe mtengo ngakhale umodzi wotchedwa wanga, ndipo peyala lililonse limene ndimadya ndimayamba ndapempha kwa mwana wanga wamkazi. Koma palibe mtengo pabwalo lino umene sudziwa mapazi anga, ndipo ndikadzachoka pamudzi pano, ndidzachoka atandinyamula.