Mayi Bwerezani, tipatseni kiyi

Zikomo otsogolera mwambo pondipatsa mpata. Akuluakulu a bungwe lathu la kafukufuku, mkulu wa nthambi yathu, madokotala ndi anamwino amene mwatsika kuchokera ku wodi, anzanga a mu labu, bambo a kunyumba kwa mayi athuwa amene akupuma pa ntchito lero, ana, apongozi ndi adzukulu, takulandirani nonse ndi manja awiri. Inu mwaima kukhomoko, lowani, mipando ilipo pafupi ndi firiji. Koma firijiyo musatsegule chonde, mulibe zakumwa.

Mukandiona ndikupondaponda musadabwe. Mayiwa anandipatsa dzina loti a Phuma, ndipo lero phumalo landikwera pamutu. Ndatumidwa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulankhula, imeneyo ndi yosavuta, pakamwa ndili napo. Yachiwiri ndi kuwalanda mayiwa kiyi wa chipinda cha maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi timene timalera muno. Imeneyo ndiye yandisowetsa mtendere sabata yonse. Ana awo anandipempha, mkulu wa nthambi anandilamula, koma taonani onsewo lero akungoyang'ana denga.

Ndiyambe ndi inu a kubanja. Ndamva kuti adzukulu akafunsa kuti agogo amagwira ntchito yanji, amangoyankhidwa kuti, "Ndimadyetsa ana." Ana ake ati? Imani ndikuuzeni. Pali mankhwala amene madokotala amapereka kwa munthu wodwala matenda a maganizo, uja amangokhala ndwii, chakudya osachifuna, tulo osabwera, moyo osaukonda. Mu ubongo muli kanthu kotchedwa selotonini, kamene maselo amatumizirana. Selo likakatulutsa, limakabwezanso mkati kudzera pa kakhomo kakang'ono. Mankhwala aja ntchito yake ndi kutseka kakhomoko. Tsono mayiwa anadzifunsa kuti, nanga maselo a khansa akakhala ndi kakhomo kotereka, mankhwala omwewa angawachite chiyani? Basi, funso lake ndi lomwelo. Analiyamba tsitsi lili bii, lero imvi zili mbuu, akadali nalo.

Musaganize kuti anabadwa ali katswiri, ayi. Nkhani iyi ananditsina khutu ndi amene anaona ndi maso. Maselo timawalera m'timabotolo, ndipo kabotolo kalikonse timakalemba ndi cholembera chakuda: aka kalandira mankhwala, aka sikanalandire. Mayi athu atangoyamba ntchito, mtsikana waukhondo wake, anaona timabotolo tili ndi zidindo za zala. Anatenga thonje ndi sipiriti n'kupukuta kamodzikamodzi mpaka tonse waliwali. Zolemba zonse zinapita ndi sipiritiyo. Abwana a nthawi imeneyo atafika anafunsa kuti, "Tolandira mankhwala ndi titi?" Mayi anayang'ana timabotolo, timabotolo tinayang'ana mayi. Ntchito ya miyezi yathunthu inathera pamenepo. Pomaliza anangoti, "Bwana, tibwereze."

Chichokereni tsikulo mawu amenewo sanawachoke pakamwa, mpaka anasanduka dzina lawo. Ukabwera ukuthamanga kuti, "Mayi, mayi, zatheka!" iwo osadzutsa n'komwe mutu pa maikulosikopu, amangoti, "Bwerezani." Ukabwereza, "Bwerezaninso." Ena muno munalirapo kuchimbudzi chifukwa cha mawu amenewa, ndikukudziwani, musabise nkhope. Ndipo kabotolo kawo amakalemba pachivindikiro, pambali ndi pansi pomwe. Bambo, ndinamva kuti ngakhale chitini cha shuga kunyumba chinalembedwa chimodzimodzi. Onani, bambo akuvomera ndi mutu.

Ine dzina langali ndinalitenga chonchi. Tsiku lina tinaona maselo a khansa olandira mankhwala aja atachepetsa kuswana, ena atafa ndithu. Abale, ndinali nditavala kale jekete kuti ndikauze dziko lonse. Mayi anandigwira malaya kumbuyo. Anati, "A Phuma, takhalani pansi. Izi zachitika m'kabotolo, osati m'thupi la munthu. Mukakalankhula kunjaku, mawa munthu wa khansa asiya chipatala n'kukasaka mapilisi amenewa. Abale ake mudzawayankha ndinu?" Ndinavula jekete ija. Choncho nanunso musatuluke muno kukanena kuti tapeza mankhwala a khansa. Sitinapeze, tikadafufuza mmene kakhomo kaja kamagwirira ntchito.

Tsopano mumve za maselo amene ali m'chipinda chotsekedwacho. Anachokera kwa mayi wina amene anagonekedwa ku wodi yapamwambayi zaka zapitazo. Khansa inamugwira, maganizo n'kumugwiranso, mpaka anasiya kulankhula ndi ana ake omwe. Madokotala atamuthandiza pa maganizopo, anayambanso kucheza, ndipo anavomera yekha kuti kachidutswa ka chotupa chake kabwere kwa ife. Mwiniwake anatisiya kalekale. Maselo ake alipo, m'kabati yofunda, ndipo ntchito yathu yonse yaima pa iwo. Koma ndi ana ovuta. Asamadye mochedwa, asamathinane, asamve mphepo. Tinayesa kusunga ena m'chisanu kuti tikhale ndi pothawira, koma tikawadzutsa sadzuka. Ndiye amene ali m'kabatimo ndi okhawo. Akafa, zaka zonsezi tayambiranso pachiyambi, ndipo wotipatsa uja sangatipatsenso.

Zaka zonsezi wowadyetsa ndi mmodzi yekha. Tchuthi? Sachidziwa. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi amadzera kuno. Chemwali mwakhala apo ndi mwana kumanja, ndikhululukireni, ndinena. Tsiku la ukwati wanu, anthu atachoka ku tchalitchi kupita ku holo, mayi a mkwatibwi anasowa. Galimoto kudikira, bambo kutuluka thukuta, mafoni kulira. Anapezeka muno, chipewa chaukwati chili kumutu, chovala choyera cha mu labu pamwamba pa diresi, akudyetsa maselo. Lero tikuseka, koma ndikudziwa kuti tsikulo inu simunaseke.

Mwezi wathawu mayi anandiitana. Anandionetsa dzanja lawo n'kunena okha kuti, "Layamba kunjenjemera, a Phuma. Ana awa atengeni." Ndinawatenga. Ndinadyetsa, ndinagawa, ndinapukuta, zonse monga anandiphunzitsira. Ndipo maselo anakondwa, kukula bwinobwino, ine mpaka kuyenda modzitukumula m'khonde. Koma m'mawa wina ndikutsegula kabati, ndinapeza timabotolo tonse takhotera kumanzere. Ine ndine wamanja. Muno wamanzere ndi mmodzi yekha. Madzi odyetsera maselo atsika m'botolo, mpando wa pa maikulosikopu wafupika. Ndinafunsa alonda, alonda anangoyamba kukhosomola. Ndinafunsa bambo, bambo akuti, "Amadzuka mbandakucha, akuti akukagula buledi." Mayi, buledi wake uti wogula mutavala magolovesi?

Sekani, koma ine zinandiwawa. Ndinkayesa maselo akukula m'manja mwanga, pomwe pali dzanja lina lomabwera kumbuyo kudzakonza. Mpaka lero palibe akudziwa, ngakhale ineyo, ngati ana amenewa angakhale moyo popanda inu. Ndipo sitidzadziwa kiyi akadali m'chikwama chanu.

Ndisanafike pamenepo, mundilole ndithokoze, chifukwa ndikatenga kiyi mwina simundilankhulanso. Mayi, zikomo. Munatiphunzitsa kusanama ngakhale pamene bodza likanatikweza. Zotsatira zikakana, munkazilemba mmene zakanira. Madokotala ali apawa ndi mboni kuti munkakwera ku wodi kukakhala pambali pa odwala amene maganizo awafoola, osati kukafuna chotupa, koma kukacheza nawo basi. Ine mkazi wanga atamwalira, ndinkabwera kuntchito ngati chitsa. Ndinu munanditseka mu ofesi n'kundiuza kuti, "Timafufuza matenda a maganizo amenewa tsiku ndi tsiku, ndiye inu muchite nawo manyazi? Tiyeni kwa dokotala." Munandiperekeza nokha. Zimenezo sindidzaiwala. Kwa inu bambo ndi ana, tinakubwerekani munthu wanu nthawi yaitali osapempha. Pepani, ndipo zikomo.

Eya, tafika.

Mayi, sindikunamizani, ndikuopa. Ndine waphuma, mukundidziwa. Mwina ndidzaiwala kutseka bwino chivindikiro, chuku n'kulowa. Mwina ndidzachita zonse molondola, iwo n'kungondikana. Akhoza kufa m'manja mwanga, ndipo zikatero ndidzabwera ndekha pakhomo panu kudzakuuzani, sindidzatuma munthu, sindidzaimba foni. Koma mukapitiriza kubwera mobisa, tsiku lina dzanjalo lidzagwetsa kabotolo muli nokha m'chipindamo, ndipo mlandu umenewo mudzausenza nokha mpaka kale. Zimenezo sitikufuna. Ngati pali wolakwitsa, ndikhale ine. Inu mwagwira gawo lanu, ndipo mwaligwira bwino.

Ndiye dzanja langa ndi ili. Tipatseni kiyi.

Ayi, musayang'ane kwa mkulu wa nthambi, sakuthandizani. Chemwali, musawatsegulire chikwama, atsegule okha. Tidikira, zakumwa sizithawa. Onani mmene akufufuzira, ngati sakudziwa thumba lake. Ali m'kathumba ka zipi, mayi, tonse tikudziwa.

Ndi ameneyu. Zikomo, mayi.

Bambo mukuti chiyani? Kwezani mawu. Alipo wina? Anadulitsa wachiwiri? Mayi inu! Ndipo mwakhala phee pamenepo ngati munthu wosalakwa! Abale, zaka zonsezi tinkagwira ntchito ndi munthu wotere.

Ayi, uyu sindikulandani. Mukafuna mukhale naye, ine sindinena kanthu.

Mwapereka nokha. Onse awiri ali m'manja mwanga, anzanga.

Mayi Bwerezani, pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwombeni kumaso. Mukamwe tiyi ndi bambo osayang'ana wotchi, adzukulu akakukwereni pamsana mpaka mutope nawo. Mulungu akupatseni thanzi ndi masiku ambiri. Lolemba m'mawa musabwere, kabati ndikatsegula ndekha.

Anzanga, ine manja anga adzaza makiyi, sindingathe kuwomba. Imirirani nonse, muwombe m'manja mwamphamvu, mundiwomberenso ine gawo langa!